Banja loyimba limodzi: bambo asiye ntchito kuti bandi ikule?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa ku Zomba. Iwo ndi amuna awo akhala akuyimba limodzi kwa zaka zitatu, bambo pa gitala, mayi pa ng'oma ndi mawu. Chamba chawo ndi roots rock, rock ya ku America ija yotsamira pa blues ndi country, ndipo amayimba m'malo ogona alendo kunyanja komanso m'mahotela a ku Lilongwe ndi Blantyre. Bambowo ndi aphunzitsi, koma tsopano akufuna kusiya ntchito, kutenga ngongole yogulira minibasi ndi kulemba anyamata atatu kuti bandi ikule. Mayiwa akuti anthu amawakonda, koma akabwerako ku ulendo ndalama sizioneka kumene zalowera. Akufunsa ngati ino ndi nthawi yake.

Mayi, zikomo polemba. Ndikuyankheni mosabisa: chaka chino bambo asasiye ntchito, ndipo minibasiyo idikire. Luso lanu sindikulikayika. Chimene chandiyimitsa ndi mawu anu omwe, akuti ndalama sizioneka kumene zalowera. Bizinesi imene mwiniwake sadziwa ngati ikupindula kapena ikuluza, ikalandira ngongole imangokulitsa dzenje lomwe linalipo kale.

Oyimba ena akakhala m'bandi, kunyumba kumakhala mnzawo wa ntchito ina, ndiye zoyimbayimba zikalephereka nsima imadyedwabe. Koma kwa inu, bambo akasiya kuphunzitsa, lendi, fizi ya ana, mankhwala ndi ngongole ya minibasi zonse zidzadalira mmero wanu ndi zala zawo. Mmodzi akadwala, nonse mwakhala. Ndipo mukudziwa bwino kundiposa kuti ntchitoyi ili ndi nyengo. Zikondwerero zikuluzikulu monga Sand Music Festival ndi Tumaini ya ku Dzaleka zimachitika chakumapeto kwa chaka mvula isanakhazikike, kenaka kuyambira Disembala mpaka Malichi alendo kunyanja amachepa. Banki simadziwa za dzinja, imafuna zake mwezi ndi mwezi.

Mabanja awiri a ku America oyimba zofanana ndi zanu angatiphunzitse kanthu. Michael Trent ndi Cary Ann Hearst a ku Charleston, amene amadziwika kuti Shovels & Rope, atchuka akuyimba awiriwiri basi, kumasinthana gitala ndi ng'oma pa nsanja pomwepo, ndipo nyimbo zambiri amajambulira kunyumba. Mu 2013 analandira mphoto ziwiri za Americana, mphoto za oyimba chamba chonga chanuchi, ali awiri omwewo. Taganizirani zimene zimapulumuka pamenepo: galimoto imodzi yaing'ono, chipinda chimodzi chogona, ndipo malipiro onse akupita nyumba imodzi. Banja lina ndi la Susan Tedeschi ndi Derek Trucks, amene bandi yawo ili ndi anthu 12. Koma onani mmene anafikira pamenepo. Anakwatirana mu 2001, aliyense ali ndi bandi yake ndi omutsatira ake, ndipo anadzaphatikiza mu 2010. Ngakhale pamenepo Trucks anapitiriza kuyimbira Allman Brothers Band mpaka 2014. Bandi yaikulu inabwera anthu ogula matikiti alipo kale ochuluka, ndipo malipiro ena sanawataye tsiku limodzi.

Kukhala awiri ndiye mpamba wanu waukulu, musauone ngati kuperewera. Anyamata atatu ndi mimba zitatu, mabedi atatu ndi malipiro atatu oti muwapereke ngakhale usiku umene pageti palowa anthu khumi okha. Pakapezeka phwando lalikulu lofuna bandi yodzadza, alembeni ganyu ya usiku umenewo, mtengo wawo muuike m'kati mwa ndalama zimene mukutchaja.

Tsono za ndalama zosowazo. Ndikuganiza kuti sizikubedwa, zikungosakanizika. Mwalandira envelopu ku Mangochi, panjira mwagula chambo cha kunyumba, mwathira mafuta, mwatumizira apongozi pang'ono, pofika ku Zomba yatsala yochepa ndipo palibe akudziwa kuti ulendowo wapindula zingati. Yambani ndi kope limodzi la ulendo uliwonse: zolowa mbali ino, mbali inayo mafuta, pogona, chakudya, nsambo za gitala, kubwereka zokuzira mawu. Tsegulani akaunti ya bandi, ngakhale itangokhala nambala yapadera ya Airtel Money kapena TNM Mpamba poyamba, ndipo tambala iliyonse ya nyimbo ilowe mmenemo isanapite kwina kulikonse. Kuchokera mmenemo mudzilipire, inu anu ndi bambo awo, tsiku lodziwika pa mwezi. Apa ndikutsindika chifukwa ndaona kawirikawiri m'mabizinesi a banja kuti ntchito ya mayi imawerengedwa ngati kuthandiza chabe. Inu mukuyimba ng'oma usiku wonse, imeneyo ndi ntchito ndipo ili ndi mtengo. Zotsala musazigawane zonse, zina zikhale za zida. Nsambo ndi zingwe za magetsi zimachokera kunja, ndipo munaona nokha mmene mitengo inalumphira kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023.

Musanyamuke popanda dipoziti yokwana mafuta opita ndi kubwerera, ndipo mgwirizano ukhale wolembedwa, ngakhale pa WhatsApp: tsiku, ndalama, wopereka pogona, ndi chochitika ngati phwando lalephereka.

Pali nkhani ina imene simunafunse, koma kwa ine ndi yaikulu kuposa minibasi. Nyimbo zimene mukupeka n'za yani? M'banja funso limeneli limamveka ngati kusakhulupirirana, ndiye ambiri amalizemba. Koma nyimbo ndi katundu. Malamulo a dziko lino amateteza umwini wake moyo wonse wa woipeka ndi zaka 50 iye atamwalira, kutanthauza kuti ndi chuma cha ana anu. Nyimbo iliyonse ikatha, lembani pepala: wapeka mawu ndani, wapeka mayimbidwe ndani, aliyense gawo lake ndi lotani, nonse musayine. Kenaka kalembetseni ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo, aliyense m'dzina lake, osati dzina la bambo lokha poti ndi mutu wa banja. Ku COSOMA n'kumene kumadzera ndalama za nyimbo zoseweredwa pa wailesi ndi m'malo a anthu ambiri, ndipo amalipira amene dzina lake lalembedwa. Tonse taonapo zimene zimachitika pamaliro achibale akayamba kuwerenga katundu. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaletsa kulanda, komabe mayi wokhala ndi pepala losonyeza kuti theka la nyimbo ndi zida n'zake amavutika pang'ono poyerekeza ndi wongodalira mawu apakamwa. Lembetsaninso bizinesiyo ku boma ngati ya anthu awiri ndi kutenga nambala ya msonkho (TPIN) ku MRA, chifukwa mahotela akuluakulu ndi mabungwe amafuna invoisi asanalipire.

Za pa intaneti musawerengerepo lendi. Kuyambira 2024, pa Spotify nyimbo imene sinamvedwe ka 1,000 pa miyezi 12 silandira kanthu. Ikani nyimbo zanu kumeneko kuti okonza zikondwerero akupezeni, koma ndalama yogwirika ili pa nsanja, ndi pa tebulo la malaya olembedwa dzina la bandi, amene alendo a kunyanja amakonda kugula.

Lembani m'kope lija miyezi 12 yathunthu, dzinja lomwe. Ngati phindu lotsala mutachotsa zonse likuposa malipiro a uphunzitsi kwa miyezi yambiri, ndipo mwasunga ndalama zoyendetsera nyumba miyezi 6, pamenepo bambo akhoza kuyamba kuganiza zosiya choko. Pakali pano gwiritsani ntchito mapeto a sabata ndi tchuthi cha sukulu, ndipo galimoto muzibwereka pa ulendo umene dipoziti yalowa kale. Chaka chikatha mundilemberenso, mundiuze zimene kopelo lanena.