Matenda sawerenga makilomita

Mayi wina wandilembera pa imelo kuti: "Kodi akatswiri a masamu amadziwa bwanji kuti mliri womwe wabuka mumzinda wina ufika liti kwina? Nanga kutseka misewu kumathandizadi?"

Zikomo mayi, mwafunsa nkhani yomwe ndimaikonda kwambiri.

M'chaka cha 1927, asayansi awiri, Kermack ndi McKendrick, polemba masamu a mliri anagawa anthu m'magulu atatu: omwe angathe kudwala, omwe akudwala n'kumapatsira anzawo, ndi omwe achira kapena kumwalira. Wodwala mmodzi akamapatsira anthu oposa mmodzi, mliri umakula. Akamalephera kutero, umazilala.

Koma anthu sakhala malo amodzi. Choncho masamuwa amalembedwa pa mzinda uliwonse pawokha, kenako mizindayo imalumikizidwa ndi chiwerengero cha apaulendo. Apa ndi pamene pagona nkhani. Tiyerekeze kuti mumzinda wina, pa anthu 1,000 alionse, mmodzi ali ndi kachilombo. Ngati anthu 2,000 amakwera ndege kumeneko tsiku lililonse kupita kumzinda wakutali, ndiye kuti odwala awiri akutsika ndi zikwama zawo tsiku ndi tsiku. Pomwe mudzi wapafupi, wolandira anthu 20 okha patsiku, ungathe kukhala masiku 50 usanaone wodwala. Kwa kachilombo, kufupi ndiko komwe kukupita anthu ambiri.

Chikuku chinaonetsa zimenezi ku England ndi Wales katemera asanabwere. Chinkabuka m'mizinda ikuluikulu ngati London n'kumafalikira kumatauni ang'onoang'ono. Kumeneko chinkazima chokha ana oti adwale akatha, n'kudzayambanso mlendo akachibweretsa. Katswiri wa masamu Bartlett, mu 1957, anapeza kuti pamafunika mzinda wa anthu pafupifupi 250,000 kuti chikuku chisazime.

Za kutseka misewu, ndisakubisireni mayi, kumachedwetsa chabe. Ngati odwala akuwirikiza kawiri masiku asanu alionse, kuchepetsa apaulendo ndi theka kumangokupatsani masiku asanu omwewo. Mzinda wa Wuhan utatsekedwa pa 23 Januwale 2020, masamu anaonetsa kuti m'dziko la China mliri wa COVID-19 unachedwa ndi masiku atatu mpaka asanu okha, chifukwa ambiri omwe anali ndi kachilombo anali atatuluka kale. Ine masikuwo sindiwapeputsa ayi. Ndi okwanira kukonza mabedi m'zipatala, kugawa zida zoyezera ndi kuyamba kulondola omwe anakhudzana ndi odwala oyamba aja.