Kubweza nsomba m'madzi: agogo a ku Salima ayankha adzukulu owedza ndi mbedza

Achinyamata amene amawedza pongofuna kusangalala, ena a konkuno ku Senga Bay ndi ku Lifuwu, ena obwera Loweruka kuchokera ku Lilongwe, atifunsa motere: "Agogo, ife tikakola nsomba timaijambula n'kuibweza m'madzi. Akuluakulu a padooko amatikalipira kuti tikuseweretsa chakudya, pomwe iwo akakola kansomba konga chala amaponya m'thumba. Wolakwa ndani? Nanga bwanji mkulu wa chingwe cha m'manja amatiposa ife a ndodo zodula? Anzathu ena akuti tiwasiye, tsabola wakale sawawa."

Adzukulu, mkwiyo wa akuluwo uli ndi mutu. Munthu amene wakula akupalasa bwato usiku, nsomba kwa iye ndi ndiwo, ndi sopo, ndi fizi ya mwana. Akaona mnyamata wavuula mcheni wonona n'kuuponyanso m'nyanja pamaso pa ana amene kwawo kulibe ndiwo, amaona ngati akunyozedwa. Musamuyankhe mwamwano. Ngati nsomba ndi yokhwima, yololedwa, ndipo pali anthu pafupi amene angaidye, ipatseni kwa mwini bwato kapena kwa mayi wachikulire amene ali padookopo. Kuwedza kosangalala sikuletsa kugawa.

Komabe kubweza nsomba si mwambo wachilendo monga ena amanenera. Makolo anali nako kudziletsa kwawo, kungoti iwo ankapumitsa malo ndi nyengo. Taonani chilumba cha Mbenji, m'dera la mfumu yaikulu Makanjira. Kuyambira zaka za m'ma 1950, chilumbachi chimatsekedwa mu Disembala, nthawi imene nsomba zikuswana, n'kudzatsegulidwa ndi mwambo mu Epulo. Amene anakhazikitsa zimenezo sanali azungu kapena boma, koma mfumu ndi anthu ake, ndipo mpaka lero asodzi amachokera kutali kudzapha utaka kumeneko chifukwa nsomba zilipo. Inu mukamabweza nsomba imodziimodzi mukuchita pang'ono zomwe Mbenji amachita kwa miyezi. Mkulu akamakalipa, mukumbutseni zimenezi mwaulemu, mutakhala pansi, osati mutaimirira foni ili m'manja.

Pa kansomba konga chala, inu ndi amene mukulondola. Malamulo a usodzi salola kusunga chambo chosafika masentimita 15 kapena mpasa yosafika masentimita 30. Tengani mpeni mudule zizindikiro ziwiri pa nkhafi kapena pa ndodo yanu, kuti musamakangane ndi diso. Akulu ambiri anazolowera nyanja ya kale, pamene ntchila inkadzaza mabwato. Lero ntchila yasowa, ndipo mwana wa zaka 15 wa kuno mwina sanaionepo. Nyanja imene inkakhululukira kutola tiana ija si imene tili nayo.

Tsono ngati mwasankha kubweza, bwezani nsomba yamoyo. Apa ndi pamene ambiri a inu mumalakwa, ndipo akulu akaona nsomba yanu ikuyandama chagada pakapita mphindi zochepa, mawu awo aja amakhala oona.

Musanayambe, finyani ndi pulayala kamnga kobwerera ka mbedza kuti kagone. Mbedza yotere imatuluka mosang'amba mlomo, ndipo ikakubayani inu pachala imatulukanso mosavuta. Nsomba ikakola, musaiseweretse nthawi yaitali pofuna kuti mnzanu ajambule vidiyo. Nsomba yotopa kwambiri ikhoza kufa ngakhale itasambira pochoka. Nyowetsani manja musanaigwire. Kuterera kwa pathupi lake ndi chitetezo chake ku zilonda, ndipo dzanja louma, nsanza kapena mchenga wotentha zimakuchotsa. Musalowetse zala m'mbali mwa mutu momwe imapumira. Dzanja limodzi ligwire kumchira, lina lichirikize pamimba. Foni ikhale yokonzeka nsomba idakali m'madzi, kuti ikatuluka muwerenge kufika 20 ndipo ibwerere. Poibweza musaiponye. Iikeni m'madzi mimba ili pansi, mutu utaloza kumene madzi akuchokera, muigwirizire mpaka itadzikankha yokha.

Pali nsomba zina zimene kubweza n'kudzinamiza. Imene yameza mbedza mpaka m'mimba ndipo ikutuluka magazi, ngati ndi yololedwa, ipheni msanga mukadye. Ngati sikutuluka magazi, dulani chingwe pafupi ndi mlomo m'malo mokoka, chifukwa kukokako n'kumene kumang'amba zamkati. Chimodzimodzi nsomba yovuulidwa mofulumira kuchokera pakuya kwambiri: mpweya wa m'thupi mwake umafufuma, mimba imatupa, nthawi zina maso amatong'oka, ndipo singathenso kumira. Imeneyo mukaisiya pamwamba mwangodyetsa nkhwazi. Amene akufuna kuwedza kobweza asankhe madzi osazama kwambiri, ndipo azikoka pang'onopang'ono.

Kampango timutchule payekha. M'nyengo ya mvula, wamkazi ndi wamwamuna amalondera ana awo pachisa pakati pa miyala, ndipo wamkazi amaikira mazira ena oti anawo adye. Mukachotsa kholo, tinsomba ta m'miyala timatha anawo tsiku lomwelo. Mukapeza malo pamene kampango akudya nyambo mosavuta m'miyezi imeneyo pafupi ndi miyala, ganizani kawiri musanabwerereko mawa lake, ndipo musalengeze malowo pa Facebook. Chithunzi chimodzi choonetsa phiri kumbuyo chimakwana kuitana mabwato ambiri.

Za mpasa n'zowawa mtima. Nsombayi imakhala m'nyanja koma imakwera mitsinje monga Bua ndi Linthipe kukaikira mazira pa timiyala ta m'madzi othamanga, kuyambira mvula ikamatha mpaka m'miyezi yozizira. Yachepa chifukwa cha maukonde otchinga pamathiriro, miono yotseka mtsinje wonse, katupe, ndi matope ochokera kumtunda kumene mitengo inadulidwa, amene amakwirira timiyala tija. Mpasa yokwera mtsinje ili ndi mazira, choncho imeneyo ndiyo yoyenera kubweza kuposa ina iliyonse. Gawo la Bua limene lili m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota, imene bungwe la African Parks lakhala likuyang'anira kuyambira 2015, simulowamo ndi mbedza popanda chilolezo. Zilumba za Maleri nazonso zili m'gulu la Lake Malawi National Park, ndipo kuwedza pafupi ndi gombe la zilumbazi, mkati mwa mamita 100, n'koletsedwa. Mwini bwato akakuuzani kuti palibe aone, kanani ndinu.

Tibwere ku funso lakuti bwanji chingwe cha m'manja chikuposa ndodo ya kusitolo. Si mankhwala ayi. Mkulu uja amadziwa kuya kumene nsomba ili tsiku limenelo. Akamatsitsa chingwe amawerenga mikwamba, mkwamba umodzi pafupifupi mamita awiri. Mcheni ukadya pa mikwamba 8, amaika chizindikiro pachingwe ndipo amabwerera pomwepo nthawi iliyonse. Micheni imatsata usipa, ndipo usipa umakwera ndi kutsika malinga ndi kuwala. Inu mumaponya kutali, pamwamba, dzuwa lili paliwombo, pamene nsomba zatsikira pansi. Nthawi yake ndi m'bandakucha mpaka dzuwa litangokwera, kenaka madzulo likamapendeka. Kampango ndi mlamba amadya pansi, makamaka usiku, ndipo amafuna mtovu wolemera woti nyambo ifike pansi isanatengedwe ndi madzi.

Malo nawonso mkulu samawataya. Amaloza mtengo wa kugombe kuti ulingane ndi nsonga ya phiri la Senga, kenaka amapeza zinthu zina ziwiri zolingana kumbali ina. Pamene mizere iwiriyo yakumana ndi pamene pali mwala wake wa pansi pa madzi. Foni ikhoza kusunga malo omwewo, inde, koma foni imanyowa ndi kutha moto.

Nyambo ndi imene imakugwetsani kwambiri. Usipa wogulidwa m'mawa n'kusiyidwa padzuwa m'jumbo umafewa, ndipo umagwa pambedza musanafike n'komwe pa kuya kwake. Usungeni pamthunzi, muuwaze mchere pang'ono kuti ulimbe, ndipo mbedza ilowe pamutu pomwe pali fupa, osati pamimba. Nyongolotsi zisungidwe m'dothi lonyowa m'chitini choboola, ndipo pozitunga musiye kamchira kakugwedezeka. Makumba a ku Chia ndi tinsomba ta m'mphepete timafuna mbedza yaing'ono. Ambiri mumagula yaikulu polota nsomba yaikulu, ndiye nyambo imangodyedwa mbedza n'kutsala. Mukamanga mfundo ya nayiloni, zungulizani kasanu kapena kasanu n'kamodzi, muinyowetse ndi malovu musanakoke, chifukwa nayiloni youma imapsa pokokedwa n'kudukira pamfundopo. Mukavuula mcheni, sisitani ndi zala chingwe cha pafupi ndi mbedza. Mano ake amachipala, ndipo mukamva kukhakhala dulani mumangenso. Nkholokolo igwireni mosamala, minga yake ikaima siigona ndipo imabaya moopsa.

Ndodo yanuyo ili ndi ntchito yake. Pamtsinje, kapena pagombe la miyala pamene bwato silifika, kasipuni konyezimira (nyambo yachitsulo) koponyedwa patali kamakola mpasa ndi sanjika kuposa chingwe cha m'manja. Mpatseni mkulu aiyese. Ambiri amakana poyamba chifukwa choopa kusekedwa chingwe chikapiringizika, choncho muonetseni muli awiri, osati pagulu.

Tsopano za khalidwe padooko, pakuti mikangano yambiri siyambira pa nsomba. Dooko lili ndi eni ake: mfumu ya mudzi ndi komiti ya asodzi ya pagombe. Mukafika, zimitsani wailesi ya galimoto, perekani moni, nenani kumene mwachokera ndi chimene mwadzera. Funsani pamene patcheredwa matchera, chifukwa mbedza yanu ikakola ukonde wa munthu n'kuung'amba, mwamuonongera chuma chimene anagula ndi ngongole. Zikachitika, musadule n'kuthawa. Fufuzani mwini wake mulipire. Musalumphe ukonde woyanikidwa kapena chingwe cha munthu, zungulirani. Musakhale pa bwato la eni popanda kupempha. Musajambule amayi akusamba kapena akuchapa, ndipo nsomba za pathandala la munthu muzijambula mutapempha.

Atsikana ena afunsa ngati nawonso angawedze. Pagombe la Senga Bay kapena pamtsinje, wedzani, mbedza siisankha dzanja. Koma ku Mbenji mwambo sulola akazi kufika pachilumba, monganso umaletsa mowa, chamba ndi juga kwa amuna. Mukhoza kukhala ndi maganizo anu pa lamulo limeneli, ndipo malo okalinenera ndi kwa mfumu ndi komiti yake. Kukwera bwato mozemba kuti mukatsutse sikungakupindulireni, ndipo amene adzalipe mlandu ndi mwini bwato.

Mowa m'bwato tikukaniza kwa onse, kulikonse. Bwato la mtengo limafuna munthu wokhala tsonga, wodziwa kumene thupi lake lapendekera. Mwera, umene umaomba kwambiri kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, ukhoza kudzuka nyanja ili bata m'mawa. Inu mumaona chenjezo la a zanyengo pafoni, ndipo mukuchita bwino. Muziwauzanso asodzi amene alibe foni zotere. Koma foni ikati kuli bwino pomwe mkulu wayang'ana kummwera n'kunena kuti lero sitipita, musapite. Valani jekete yoyandamitsa ngakhale ena aseke, ndipo ife tikupempha akulu anzathu asiye kuseka ana pa chinthu chimenechi. M'bwato musasowe chokapira madzi ndi nkhafi yapadera.

Kumathiriro a Linthipe ndi Bua, ndiponso ku Chia, kuli ng'ona ndi mvuu. Musaime m'madzi pamalo amodzi chisisira, musatumbulire nsomba m'mphepete momwe mukuwedzamo, ndipo musamangirire nsomba zokola ku mwendo kapena m'chiuno muli m'madzi. M'madzi odekha a m'mabango muli nkhono zofalitsa likodzo. Amene amalowamo kawirikawiri apite kuchipatala akaona magazi mumkodzo, ngakhale asanaone ngati thupi likumveka lofooka, pakuti mankhwala ake alipo.

Chingwe chodukaduka musachisiye pamchenga. Nayiloni siola, imakola miyendo ya mbalame, ndipo mbedza yotsalirapo imabaya mwana woyenda wopanda nsapato. Kulungani muike m'thumba mukatayire kunyumba.

Amene akufuna kuphunzira kwa mkulu asayambe ndi funso lakuti nsomba zili pati, chifukwa malo ake ndi nkhokwe yake ndipo sangakupatseni tsiku loyamba. Pitani madzulo ake mukapemphe kuti mudzatsagane naye, mugwirizane za mtengo wa bwato musanakwere. Fikani nthawi imene wanena, mutanyamula paketi ya mbedza ndi mpukutu wa chingwe zoti mumsiyire. Thandizani kukankha bwato, kapani madzi, palasani akakuuzani, ndipo muziwerenga chamumtima mikwamba imene akutsitsa. Muuzeni musananyamuke kuti nsomba zazing'ono ndi mpasa za mazira mudzabweza, kuti mkangano usabuke pakati pa nyanja. Pobwera, nsomba zoyamba kusankha ndi zake, inu mutenge zokwana mphika umodzi.