Kwa mayi amene mwana wawo sakugona ataonera katuni ya Hercules

Mayi, mwati mwana wanu wa zaka 6 anaonera katuni ya Hercules kwa anansi, ndiye usiku akumadzidzimuka n'kumalira. Mwatinso ena akuuzani kuti ndi filimu yachipembedzo poti muli nyimbo zonga za kwaya, ndiye mukufuna kudziwa ngati ndi zoona, komanso chimene chamuopsa mwanayo. Mundilole nditalikitseko, chifukwa wanga wamng'ono naye anagona kuchipinda kwathu masiku atatu ataionera.

Filimuyi ndi ya Disney, inatuluka mu 1997. Zoonadi akazi asanu amene amafotokoza nkhani amaimba mwa kaimbidwe ka gospel ka m'matchalitchi a anthu akuda a ku America, koma za Chikhristu mulibemo. Chipembedzo chimene chilimo ndi cha Agiriki akale, chija cha milungu yambiri ya pa phiri la Olympus. Zeus wake, mfumu ya milunguyo, ndi yemwe uja wa pa Machitidwe 14, pamene anthu a ku Lustra ataona wolumala akuyenda anayamba kutcha Barnaba Zeus, Paulo n'kumutcha Hermes, mpaka atumwiwo anang'amba zovala zawo pokana.

Akuluakulu ambiri amaganiza kuti choopsa ndi chinjoka chija, Hydra. N'choopsadi: chimam'meza Hercules wamoyo, iye n'kuchidula khosi ali m'kati, kenako pamalo pa mutu umodzi pamaphuka itatu, ndipo akamadulabe imachulukana mpaka kudzaza chigwa chonse. Koma mwana amaona chinjokacho chitafa, anthu akuomba m'manja, mantha n'kuthera pomwepo.

Chimene chimakhalitsa mumtima ndi imfa. Kumayambiriro kwenikweni kumabwera nkhalamba zitatu zobwerekana diso limodzi. Zimagwira ulusi wa moyo wa munthu n'kuudula ndi sizasi, pompo kumamveka mkuwo wa mayi, mzimu wake n'kulowa kudziko la akufa. Taganizani mwana wa zaka 6, amene mwina wangoyamba kumene kufunsa kuti agogo anapita kuti atamwalira, akuona kuti moyo ndi kaulusi koti wina angodula nthawi ina iliyonse. Wanga sanatchule chinjoka ngakhale kamodzi. Anandifunsa kuti, "Kodi ulusi wa amama uli ndi ndani?" Ndinasowa chonena kwa kanthawi.

Kumapeto zimabwereranso. Meg, chibwenzi cha Hercules, amapsinjidwa ndi chipilala pomupulumutsa, nkhalamba zija n'kudula ulusi wake. Hercules, pofuna kukatenga mzimu wa Meg kudziko la akufa, amadziponya mumtsinje wobiriwira wodzaza ndi mizimu yongozungulira, ndipo akamasambira thupi lake limakalamba ndi kufota ife tikuona. Palinso poyambirira paja, antchito awiri a Hades, mulungu wa dziko la akufa, akuba Hercules ali khanda usiku makolo ali m'tulo. Mwana wogona yekha sangapaiwale pamenepo.

Za Hades ndiye zimene zimandikhudza kwambiri. Filimuyi inamujambula ngati Satana, tsitsi lamoto, ukali, kugula anthu ndi mapangano achinyengo. Agiriki sankamuona choncho. Kwa iwo anali m'bale wa Zeus ndi Poseidon, amene pochita maere dziko la akufa linagwera iye, ndipo kumeneko kunkapita abwino ndi oipa omwe. Tsono dzina lomweli limapezekanso m'Chigiriki cha Chipangano Chatsopano, monga pa Luka 16:23, kutanthauza malo a akufa. Mwana amene amapita ku Sande sukulu akhoza kusakaniza ziwirizi n'kumaganiza kuti aliyense akamwalira amakagwera m'manja mwa munthu wamoto uja. Mufunseni modekha, mwina n'zimene zikumuvuta.

Musathamangirenso kukamuwerengera nthano yeniyeniyo poganiza kuti ndi yofatsa. M'nthanomo Hera, mkazi wa Zeus, si mayi wake wa Hercules ngati m'katuni. Ndi amene anatumiza njoka ziwiri kuti zimuphe ali khanda, ndipo atakula anamuchititsa misala mpaka anapha ana ake omwe. Ntchito 12 zotchuka zija anazigwira ngati dipo la mlandu umenewo.

Ine maganizo anga ndi akuti mwana wosakwana zaka 8 asaionere yekha. Koma poti wanu waionera kale, kumuletsa kuitchula sikuthandiza. Khalani naye masana, osati madzulo, mumulole afotokoze yekha pamene panamuopsa, inu osamudula mawu. Muuzeni kuti ndi nthano ya anthu akale a ku Greece, ndipo za imfa mumuuze monga mumakhulupirira pakhomo panu. Wanga ndinamuonetsanso kachigawo kakumapeto, pamene nkhalamba zija zikuyesa kudula ulusi wa Hercules koma wasanduka wagolide, sizasi n'kukanika. Anati ndibwezere kawiri, ndipo usiku umenewo anabwerera pamphasa pake.