Kugula injini ya dizilo yogwiritsidwa kale ntchito: yankho kwa mwini Canter

Bambo ena a ku Kasungu, omwe amanyamula fodya ndi chimanga pa Mitsubishi Canter, andilembera imelo kuti injini yawo ya 4D33 inanoka, ndipo wogulitsa wina wawapezera ina yochokera ku Japan imene akuti ndi yofanana nayo. Akufunsa momwe angatsimikizire zimenezi asanapereke ndalama.

Bambo, choyamba musadalire mawu a wogulitsa kapena chomata cha pamwamba pa injini, chifukwa chivundikiro chimatha kusinthidwa. Pukutani buloko, lomwe ndi thunthu lachitsulo la injini, mpaka muwerenge nokha dzina ndi nambala zimene zinadindidwa pachitsulo. Mainjini a 4D32, 4D33 ndi 4D35 amafanana kwambiri maonekedwe, koma amasiyana kukula kwa masilinda: yoyambayo ndi ya malita 3.6, yanuyo ndi ya 4.2, pomwe yachitatuyo ndi ya 4.6, choncho mukapatsidwa 4D32 pamtengo wa 4D33 mudzazindikira mochedwa lole itayamba kulephera zitunda ili ndi katundu. Ya 4D34, ya malita 3.9, kawirikawiri imakhala ndi turbo, ndipo imafuna kuti mapaipi a mpweya ndi a utsi akonzedwenso. Ngati nambala yapalidwa kapena yadindidwa kachiwiri, injiniyo isiyeni.

Chimene ndikuchiona chachikulu kuposa zonse ndi chakuti injiniyo ilizidwe pamaso panu ili yozizira. Fikani m'mawa ndi makaniko wanu, osati wa wogulitsa, ndipo muikhudze kaye ndi dzanja, pakuti injini yotha imadzuka mosavuta ikakhala kuti yatenthetsedwa kale. Yabwino imalira sitata itangozungulira pang'ono, ndipo utsi woyera wa poyamba umatha posakhalitsa. Utsi woyera ukapitirira, ndiye kuti dizilo sakupsa bwino kapena madzi akulowa m'masilinda. Wabuluu ukusonyeza kuti oyilo akupsa chifukwa maringi kapena masilo a mavavu atha. Wakuda sundidetsa nkhawa kwambiri, popeza nthawi zambiri umachokera ku manozo kapena pampu, zomwe zimakonzeka popanda kuphwasula injini yonse, ngakhale kuti ndi chifukwa chokwanira chotsitsira mtengo.

Injini ikulira, masulani chotsekera oyilo n'kuchikhazika pamalo pake osamanga. Chikamangonjenjemera palibe vuto, koma chikamakankhidwa ndi mpweya wamphamvu wosakanikirana ndi utsi, dziwani kuti maringi ndi masilinda adyeka, ndipo mukugula injini yofuna ovaholo. Oyilo wooneka ngati tiyi wamkaka ndi chizindikiro cha gasiketi yopsa kapena mutu wosweka. Makaniko ayeze kompuresheni (mphamvu yopanikiza mpweya) ya masilinda onse anayi, ndipo kusiyana kwake kusapitirire 10 peresenti. Ndikulimbikitsanso kuti mupemphe kumasula sampu, chiwaya cha pansi pa injini mokhala oyilo, ngakhale ogulitsa ambiri sakondwera nazo, chifukwa tizidutswa tonyezimira ta mtundu wa kopa pansi pake timaulula mabeyaringi odyeka omwe khutu silingawamve injini isananyamule katundu. Penti watsopano ndi kutsukidwa bwino zisakukopeni, pakuti zimabisa pamene oyilo amadontha.

Za kulowa kwake m'lole n'zachidule: yerekezani ndi injini yakaleyo pomangira giyabokosi, fulayiwilo, miyendo yokhalira pa chasisi ndi mbali imene sampu yatsikira, ndipo onani ngati sitata ndi alitaneta ndi za mavoti 24 monga zanu. Injini yakaleyo musaigulitse msanga, chifukwa zina mwa zipangizo zake mudzazifuna tsiku lomanga.

Pomaliza kugula, lisiti likhale ndi nambala ya injini komanso masiku amene mungaibweze ikapezeka ndi vuto, ndipo wogulitsa akupatseni mapepala osonyeza kuti inalowa m'dziko movomerezeka. Mapepalawa ndi amene mudzapite nawo ku ofesi ya Road Traffic kuti nambala yatsopanoyo ilembedwe mu blue book ya lole yanu.