Kwa achemwali amene akufuna kukaphunzira Chithai: yambani mwafufuza sukulu, viza ibwera pambuyo

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati mukufuna kukakhala ku Thailand kwa chaka chimodzi kuti muphunzire chiyankhulo cha kumeneko, ndipo ajenti wina wakupezerani sukulu yotchipa imene akuti sikakamiza ophunzira kulowa m'kalasi, moti mukhoza kumaphunzitsa Chingerezi masana kwinaku muli ndi viza ya ophunzira. Mukufunsa ngati mutumize ndalama. Ine ndikuti musatumize, chifukwa zinthu ziwiri zimene wakulonjezanizo ndi zomwe zimagwetsa anthu m'mavuto kumeneko.

Viza imene mukunenayi imatchedwa Non-Immigrant ED, ndipo moyo wake wonse uli m'manja mwa sukulu. Sukulu yovomerezeka ndi unduna wa zamaphunziro wa dziko la Thailand ndiyo imakukonzerani makalata, ntchito imene imatenga masabata angapo, ndipo makalatawo ndi amene mumapereka popempha viza. Mukalowa m'dzikomo amakudindirani masiku 90 okha, osati chaka chathunthu monga momwe maajenti amanenera. Masikuwo asanathe mumapita ku Immigration ndi makalata atsopano ochokera kusukulu kukapempha kuti akuwonjezereni nthawi, ndipo ulendo uliwonse wotere mumalipira ma baht 1,900 (baht ndi ndalama ya ku Thailand). Amene amakhala ku Bangkok amapita ku ofesi yaikulu ya ku Chaeng Watthana, komwe mzere wake umafuna kulawirira. Tsono pamenepa ndi pamene sukulu yogulitsa viza imaonekera poyera, chifukwa wa Immigration ali ndi ufulu wokuyankhulani m'Chithai, kukufunsani dzina la mphunzitsi wanu kapena kukuuzani kuti muwerenge mawu angapo. Munthu amene papepala waphunzira miyezi isanu ndi umodzi koma akulephera kutchula mtengo wa mbale ya mpunga amakhala wadziulula yekha. Ndipo sukulu ikatsekedwa kapena ikalandidwa chilolezo, ophunzira ake onse, ngakhale amene ankalowa m'kalasi mokhulupirika, amatsala opanda pogwira.

Za ntchito ndinene mosapita m'mbali: viza ya ED simakulolani kugwira ntchito. Mlendo wogwira ntchito ku Thailand amayenera kukhala ndi chilolezo chapadera cha ntchito, ndipo wogwidwa alibe amalipitsidwa chindapusa n'kubwezedwa kwawo. Ngati cholinga chanu chenicheni n'kuphunzitsa, njira yake ndi ina, ya viza ya Non-Immigrant B imene imadalira sukulu yokulembani ntchito. Ndiwonjezere kuti munthu aliyense wokulonjezani ntchito ku Thailand pa WhatsApp muzimuyang'ana ndi diso lakuthwa, pakuti anthu ambiri a ku Africa, kuphatikizapo a ku Kenya ndi Ethiopia, anafika ku Bangkok ndi malonjezo oterowo, n'kutengedwa pagalimoto mpaka ku Mae Sot, tauni ya m'malire, kenako n'kuwolotsedwa kupita ku Myawaddy m'dziko la Myanmar, komwe ankawakakamiza kubera anthu pa intaneti.

Tsopano tibwere ku nkhani yosankha sukulu, imene kwa ine ndiyo yaikulu. Chithai si chiyankhulo chongotola pamsewu. Chili ndi makonsonanti 44 ogawidwa m'magulu atatu, mawu salekanitsidwa ndi mipata polemba, ndipo liwu limodzi lingatchulidwe m'njira zisanu malinga ndi mmene mwakwezera kapena kutsitsira mawu. Mwachitsanzo, liwu lomveka ngati "maa" limatanthauza kubwera, hatchi kapena galu, kutengera katchulidwe kake. Ife olankhula Chichewa tisachite nazo mantha kwambiri zimenezi, chifukwa khutu lathu linazolowera kale kusiyanitsa mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika, kapena khungu la pathupi ndi khungu la kusaona. Tilinso ndi mwayi wina umene azungu ambiri alibe, woti timasiyanitsa kupala ndi phala. Athai nawonso amasiyanitsa p ndi ph, t ndi th, k ndi kh, kotero kuti dzina la Phuket limayamba ngati phala, osati ngati fodya. Koma mwayi umenewu umagwira ntchito pokhapokha pali mphunzitsi wokukonzani pakamwa tsiku ndi tsiku m'kalasi ya anthu ochepa.

N'chifukwa chake funso loyamba kufunsa sukulu si la fizi ayi, koma la kuchuluka kwa ophunzira m'kalasi, maola a pa sabata, ndiponso nthawi imene amayamba kuphunzitsa zilembo za Chithai. Sukulu zambiri zimayamba ndi zilembo za Chilatini, zomwe timalembera Chichewazi, kwa mwezi umodzi kapena iwiri kuti munthu ayambe kuyankhula msanga, ndipo zimenezo sizolakwika, koma sukulu imene imakusungani pa zilembo za Chilatini kwa theka la chaka ikukuchedwetsani, popeza malamulo a kukweza ndi kutsitsa mawu ali m'kalembedwe ka Chithai mwenimwenimo. Pemphani kuti mukhale nawo m'kalasi imodzi, ngakhale pa intaneti, musanalipire. Funsaninso, ndipo akuyankheni molemba, kuti ndalama zanu adzabweza zingati viza ikakanidwa, chifukwa apa ndi pamene anthu ambiri amalirira.

Ngati mukufuna maphunziro olemera ndipo thumba likulola, yunivesite ya Chulalongkorn ku Bangkok, imene inakhazikitsidwa mu 1917, ili ndi maphunziro a Chithai a alendo othamanga kwambiri, okhala ndi mayeso ndi ntchito yambiri ya kunyumba. Union Language School, imene inayamba ndi kuphunzitsa amishonale, ndi imodzi mwa sukulu zakale za mumzindawo. Ku Chiang Mai, kumpoto, kuli Chiang Mai University ndi Payap University, ndipo moyo kumeneko ndi wotsikirapo mtengo kusiyana ndi ku Bangkok. Komabe dziwani kuti kuyambira cha mu February mpaka April mzindawo umakutidwa ndi utsi wa moto wa m'minda ndi m'nkhalango, zomwe zimavuta kwa munthu wa mphumu, komanso kuti anthu akumeneko ali ndi chiyankhulo chawo, Kham Mueang, chimene mudzamve pamsika ngakhale kusukulu muphunzire Chithai cha ku Bangkok. Ine ndikanakhala inu ndikanayamba ku Bangkok, chifukwa zimene mwaphunzira m'mawa mumazimva madzulo m'basi.

Za kapemphedwe ka viza sindichulutsa mawu. Dziko la Thailand lilibe ofesi ya kazembe ku Lilongwe. Maofesi oyandikira ali ku Maputo, Pretoria ndi Nairobi, ndipo muyenera kupempha ku ofesi imene imayang'anira dziko limene mukukhala. Kuyambira mu January 2025 mafomu amadzazidwa pa intaneti kudzera pa Thai e-Visa, kotero simufunikira dobadoba aliyense. Konzani pasipoti yotsala ndi nthawi yokwanira, makalata a kusukulu, zithunzi, ndi sitetimenti ya kubanki yoonetsa kuti mudzatha kudzisamalira osagwira ntchito. Musanakwere ndege mudzadzazenso khadi yolowera ya pa intaneti yotchedwa TDAC, imene inayamba pa 1 May 2025. Mwina mudzamvanso za viza ya DTV imene inayamba mu July 2024, ya zaka zisanu, koma imeneyo imafuna umboni wa ma baht 500,000 ndipo anaikonzera anthu ogwira ntchito pa intaneti ndi ophunzira zinthu monga nkhonya za Muay Thai ndi kuphika.

Mukafika pali tizinthu titatu timene timaoneka tating'ono koma timawononga chaka chonse. Mwini nyumba imene mukukhala ayenera kudziwitsa Immigration za inu pa fomu ya TM30, ndipo ndi bwino kumufunsa musanasaine lendi ngati amachita zimenezo, chifukwa popanda umboni wake kuwonjezera masiku kumavuta. Masiku 90 alionse muyeneranso kukatsimikiza kumene mukukhala. Chachitatu, chimene chimapweteka kwambiri ife okhala kutali ndi kwathu, n'chakuti mukatuluka m'dzikomo osatenga chilolezo chobwereranso, chotchedwa re-entry permit, masiku onse amene anakuwonjezerani amafa pomwepo. Chilolezochi ndi ma baht 1,000 cha ulendo umodzi ndi 3,800 cha maulendo ambiri, choncho uthenga wa maliro ukakupezani mwadzidzidzi, musakwere ndege musanachitenge. Wopitirira masiku amalipira ma baht 500 pa tsiku mpaka kufika 20,000, ndipo akapitirira masiku oposa 90 amaletsedwa kulowanso m'dzikomo kwa chaka chimodzi kapena kuposerapo.

Ajenti wanuyo mufunseni dzina lonse la sukuluyo ndi nambala ya chilolezo chake cha ku unduna, kenako mulembere sukuluyo nokha pa imelo yake, ndipo ndalama za fizi zipite ku akaunti ya sukulu, osati ya munthu, ndipo akupatseni lisiti. Mukapeza mayina a sukulu ziwiri kapena zitatu zimene mwakhutira nazo, munditumizire pamodzi ndi mayankho awo pa nkhani ya maola ndi kubweza ndalama, tiziyerekeze limodzi.