Grotesque: mawu amene anandichititsa manyazi m'kalasi

Wowerenga wina wandilembera imelo kufunsa ngati grotesque ndi ugly n'chimodzimodzi, poti akufuna kufotokoza nyumba ina yakale imene anaiona. Achimwene, mwandiponda pachilonda.

Ndili ku sekondale tinauzidwa kulemba chimangirizo cha munthu amene timamukonda. Ine ndinasankha agogo anga aakazi. Ndinali nditangophunzira picturesque, kutanthauza chokongola ngati chithunzi, ndiye nditaona grotesque ndinkayesa ndi pachibale, onse oyamikira. Ndinalemba monyadira kuti agogo ali ndi grotesque smile. Aphunzitsi anazunguliza mawuwo ndi cholembera chofiira, n'kuwerenga mokweza kalasi yonse ikumva. Ndinangoti maso dwii pa kamsomali kena kotuluka padesiki, makutu akutentha. Ndinene pano kuti kuwerenga zolakwa za mwana pagulu si kuphunzitsa ayi, ndi nkhanza basi, ndipo palibe angandisinthe maganizo.

Kumene anachokera

Patapita zaka ndinawafufuza, mwina pofuna kudzitonthoza. Gwero lake ndi mawu a Chitaliyana akuti grotta, kutanthauza phanga. Moto utasakaza Rome m'chaka cha 64, mfumu Nero inamanga nyumba yaikulu yotchedwa Domus Aurea. Nyumbayo inadzakwiririka, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1400 anthu anayamba kutsikiramo kudzera m'mabowo, akumati ndi mapanga. Pamakoma anapeza zojambula zosakaniza munthu, nyama ndi zomera: mutu wa munthu, chiuno n'kusanduka masamba. Zojambulazo zinatengera dzina ku mapangawo, ndipo wojambula wotchuka Raphael anazikonda mpaka anakongoletsa nazo makonde ena ku Vatican. Ndiye kuti poyamba sanali mawu onyoza n'komwe! Aphunzitsi aja akanadziwa zimenezi, kaya.

Ine ndimaumirira kuti grotesque si kunyansa wamba. Ndi chinthu chopindika, chopyola muyeso, choti umafuna kuyang'ana kumbali koma maso akukana, mwinanso kuseka kwinaku ukuchita mantha. N'chifukwa chake olemba nkhani amatha kunena kuti malipiro a bwana wina ndi grotesque pamene antchito ake akugona ndi njala. Ndalama zilibe nkhope, koma kusiyanako kwafika ponyansa. Amene amawaponya paliponse pofuna kuoneka ophunzira amandikwiyitsa, ngakhale kuti nanenso ndinayambira pomwepo.

Za nyumba yanuyo, ngati yangosuluka utoto ndi kung'aluka makoma, lembani ugly. Ngati pakhomo pali nkhope zosema zotong'ola maso, malilime ali panja, lembani grotesque. Potchula muziti gro-tesk, zilembo ziwiri zomalizazo sizimveka.