Alonda a DM wanu ndi aneneri kodi?

Ndalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wina wa ku Luwinga amene amasewera Dungeons & Dragons, masewera a nthano a patebulo ogwiritsa ntchito dayisi, ndi anzake a ku Mzuni. Akuti wizard wake, munthu wamatsenga amene iye amasewera, akangoponya Minor Illusion, spell (matsenga) yopanga chiphamaso, DM (Dungeon Master, woyendetsa nthano ndi adani onse) amagubuduza dayisi pompo, alonda a m'nthanomo n'kudziwa kuti ndi chiphamaso. Akufunsa ngati malamulo amaterodi.

Satero ayi, achimwene. Ndipo funso lanuli lakanda pachilonda.

Gulu lathu linkakumana ku Chibavi, m'nyumba ya mnzathu wina, titazinga mbaula chifukwa kuzizira kwa Mzuzu mu June mukukudziwa. Dayisi tinkagubuduza pa foni, poti ya mbali 20 ija simungaipeze msanga mumsika muno. Ine ndinkasewera forest gnome, kamunthu kakafupi kamene m'buku la malamulo la 2014 kamabadwa kakudziwa kale Minor Illusion. Tsiku lina alonda a mfumu anatithamangitsa mpaka m'kanjira ka kudoko kodzaza migolo ya vinyo. Ndinanena kuti ndikupanga mgolo wina pakona, ndikhala m'kati mwake. Lamulo limalola: chithunzi cha chinthu chosapitirira mafiti 5 mbali iliyonse, pafupifupi mita imodzi ndi theka, chokhala mphindi imodzi. Gnome amakwanamo bwinobwino.

DM wathu sanachedwe. "Mlonda watola mwala, wagenda mgolo wapakonawo." Mwala unapyola, ine n'kugwidwa. Ndinamufunsa kuti aise, migolo yonseyi, wasankhiranji umenewu? Akuti mlondayo ndi wochenjera. Wochenjera chiyani! Amene anamva ine ndikutchula Minor Illusion ndi DM, atakhala pampando akudya mbatata yootcha. Mlondayo anali asanakhote n'komwe pakona. Nzeru za patebulo zinalowa m'mutu mwa munthu wa m'nthano.

Poyamba ndinkati ndi kasewedwe chabe, DM aliyense ali ndi kachitidwe kake. Pano ndimanena mosapsatira kuti kumeneko n'kubera. Wosewera wa fighter akamenya ndi lupanga, palibe amene amamuuza kuti mdani wakana kukhulupirira lupangalo. Koma wa chiphamaso mphamvu yake yonse ili m'manja mwa DM, ndiye DM akakhala wofuna kupambana, munthuyo angosankha Fire Bolt, spell yoponya moto, basi, masewera n'kusanduka masamu ochotsera ma hit point, manambala a moyo wa mdani.

Chizolowezichi chili ndi kumene chinachokera. Masewerawa anayamba mu 1974 ndi Gary Gygax ndi Dave Arneson, ndipo osewera akale anazolowera kufuula kuti sakukhulupirira akangoona chachilendo. Mu edishoni yachitatu ya 2000 munali Will save, kugubuduza dayisi kokanira chiphamaso, komabe imeneyo inkabwera munthu akachiyang'anitsitsa kapena kuchikhudza, osati kungodutsa pafupi. Tsono ngakhale akuluakuluwo sangaikire kumbuyo DM wanu.

Ndisaiwale, amayi a mwininyumba uja atamva tikukangana za matsenga mpaka usiku anayamba kutiyang'ana ndi diso lina. Tinachita kuwaonetsa mapepala ndi pensulo kuti aone kuti ndi nthano chabe. Ku America nakonso m'ma 1980 makolo ena ankati masewerawa ndi a Satana. Amayiwo anangotiuza kuti makala tizigula tokha.

Pamene ambiri amasokonezeka m'pakuti chiphamaso chili pawiri. China chimaima panja, aliyense akuchiona. Minor Illusion imapereka phokoso kapena chithunzi, osati zonse pamodzi, ndipo chithunzicho chilibe fungo kapena kuwala. Silent Image ya level 1 imafika mafiti 15 ndipo mutha kuiyendetsa, koma ndi duu. Major Image ya level 3 imafika mafiti 20, ili ndi mawu, fungo ndi kutentha komwe. Zonsezi muvi umapyola, ndipo ukapyola chinsinsi chaululika. China chimalowa m'mutu mwa munthu mmodzi, monga Phantasmal Force ya level 2. Apa ndiye pali saving throw ya Intelligence, kugubuduza dayisi kodziteteza ndi nzeru, pachiyambi penipeni, mwina n'zimene DM wanu akusakaniza. Munthu akalephera, amakhulupirira mpaka kudzipezera yekha zifukwa. Mukamuonetsa mlatho pachigwembe, n'kuupondapo n'kugwa, iye aziti anaterereka kapena mphepo yamukankha. Imeneyi ndimaikonda koposa zonse, chifukwa bukulo likuchita kulamula DM kuti asewere munthu wopusitsidwa moona mtima.

Sindikuti adani onse akhale zitsiru. Mlonda amene wagwira ntchito m'chipinda chimodzi zaka zambiri adzadabwa kuona kabati imene dzulo panalibe. Galu sanganamizidwe ndi nyama yopanda fungo. Cholengedwa chokhala ndi truesight, maso osaphimbika ndi chiphamaso, chimaona zenizeni osagubuduza kanthu. Koma chifukwa chokayikira chichokere m'nthanomo.

Tsono muchite chiyani?

Muonetseni DM wanu mawu a Minor Illusion, ali m'malamulo aulere a pa intaneti. Mdani ayenera kutaya action yake yonse, chochita chachikulu cha ulendo wake, pofufuza, imene buku la 2024 likuitcha Study, kenako agubuduze Intelligence (Investigation) molimbana ndi spell save DC yanu, nambala imene ayenera kuifikira. DC imeneyo ndi 8 kuphatikiza proficiency bonus ndi modifier ya Intelligence, manambala owonjezera olembedwa papepala la wizard wanu, kotero wizard wa level 1 wokhala ndi Intelligence 16 ali pa 13. Akapambana, chithunzicho chimazilala kwa iye yekha, anzake akuchionabe. Ndipo ngakhale apambane, ulendo umenewo sanamenye munthu.

Nkhaniyi mukambirane musanayambe kusewera, osati m'kati mwa nkhondo anthu atatentha mitu. Inunso muzipanga zinthu zoyenera malowo: mgolo padoko, thanthwe m'phanga, chitseko chotseka pamene panali chotsegula mdani asanafike.